Chaka Chimene Wefuwefu Anasintha Mawu

1968

Ana anga, za ubwana wanga ndazilumpha dala. Ndinkaweta ng'ombe za amalume monga ankachitira mnyamata aliyense wa kumtunda kuno, ndipo ng'ombezo sizinandiphunzitse kanthu kupatula kuthamanga. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Domwe, kwa mzungu wina wa kantina, sitolo ya kumudzi, amene ankagula kachewere ndi nyemba kwa alimi n'kumakagulitsa ku Tete. Anandilemba kuti ndizikweza matumba, koma ine maso anali pa lole. Woyendetsa loleyo, a Zakeyu, anali munthu wosakonda kuyankhula, wa mtima wapachala, ndipo kuphunzitsa kwawo kunali kukuponyera shave, ija a ku Dedza amati sipanala, iwo n'kukakhala pamthunzi. Ukamanga molakwika sankakuuza ayi, ankakusiya kuti ukadzionere wekha chinthucho chikagwera pamsewu. Ndinawada chaka chonse, koma lero ndikamawakumbukira ndimawapempherera, chifukwa ndi iwo amene anandiperekeza ku Tete kukayesedwa mpaka ndinatenga karta yoyendetsera galimoto. Pobwerera ananditsitsa pa Ulongwe n'kundiuza kuti lole imodzi siikhala ndi oyendetsa awiri, ndikadzifunire kwanga.

1970

Kwanga kunapezeka ku misawo ina, ija ena amati mishoni, ya kufupi ndi Lifidzi, kumene ankafuna motolisita, ndiye kuti woyendetsa galimoto, wosamwa. Ndinkamwa pang'ono, koma sanandifunse mwatsatanetsatane. Mabwana anga anali awiri. Woyamba anali a Padre Anselmo, aatali, oonda, oweta njuchi, munthu woopa liwiro moti nkhuku ikatipitirira pamsewu iwo ankakondwa. Wachiwiri anali a Irima Benta, sisitere amene ankayang'anira chipatala chaching'ono cha pamisawopo, aafupi, ojintcha, a mawondo ovuta, ndipo Chinyanja chawo chinali chokhotakhota koma pokalipa chinkawongoka bwinobwino. Awiriwa sankagwirizana pa chilichonse, ndipo ine ndinkakhala pakati ndi chiwongolero.

Misawo inali ndi jipe imodzi yokha, mphatso yochokera kutsidya kwa nyanja, yaitali, yoyera, yokoka ndi mawilo onse anayi. Ndiyenera kukufotokozerani kanthu kamodzi ka m'kati mwake, apo ayi nkhani yonseyi simuimva. Kutsogolo kwa motolo, ija ena amati injini, kumakhala ventoinya, chija cha mapiko chimene chimakoka mphepo kuti madzi a mu radiyadore azizire. Pa lole ya a Zakeyu chinali chomangidwa nganganga, motolo ukazungulira nacho chizungulira basi. Pa jipe iyi sizinali choncho. Pakati pa mapiko ndi motolo panali kambale kachitsulo kotseka, kokhala ndi mafuta olimba ngati uchi m'kati mwake. Motolo ukakhala wozizira kambaleko kankalekerera, mapiko n'kumangoyenda mwaulesi. Ukatentha kankagwira, ndipo pamenepo umamva fuuu kwa kanthawi, kenako zii, kenakonso fuuu. Pokwera zitunda zathu zija galimoto inkamveka ngati munthu wosenza thumba la chimanga, ndiye anthu anaipatsa dzina lakuti Wefuwefu. Palibe amene ankanena kuti galimoto ya a Padre ikubwera. Ankati a Wefuwefu afika.

Lachinayi lililonse ndinkapita ndi a Irima kwa Chiphole, mudzi wa pamwamba pa chitunda cha Nkhwazi, kukayeza ana pa sikelo ndi kubaya odwala. Msewu wake umaoloka mtsinje wa Kachere, kenako n'kuyamba kukwera mokhotakhota osapumira mpaka m'mudzi. Amayi ankamva kupuma kwa galimoto tikadali pansi, n'kuyamba kusambitsa ana. Kumeneko n'kumene ndinaonana ndi amayi anu, a Nangozo, atabweretsa mwana wa mkulu wawo ku sikelo. Ndinawafunsa ngati mwanayo ndi wawo, anandiyankha kuti funsolo si la motolisita. Tinakwatirana chaka chotsatira. Apongozi anga aakazi anali munthu wosunga mwambo kwambiri: tikakumana panjira ankapatukira m'udzu, ndipo ngati pali chonena ankayang'ana kumbali n'kumauza mtengo kapena nkhuku, ine n'kumayankha nkhuku yomweyo. Nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, ndinkawazindikira ndi duku.

1972, nthawi yokolola

Nkhondo inali itayandikira. Asilikali a boma la Apwitikizi, amene tinkangowatcha tropa, ankayenda m'misewu ndi malole awo a mkokomo, ndipo akafika m'mudzi anthu sankadikira kuti amve chimene abwerera. Anyamata omenyera ufulu anali m'mapiri. Ife a misawo tinkangodutsa pakati pawo. Palibe amene anatilonjeza kanthu, koma onse ankadziwa kuti galimoto yopuma wefuwefu ija yanyamula mankhwala ndi sisitere wolongolola, ndipo ankatisiya. Amayi anu anali atapita kwawo kwa Chiphole kukachira, poti mwana woyamba amabadwira kwa agogo ake, ndipo iwe Marita unabadwa mvula itangotha. Ine ndinkakuona Lachinayi lokha, moti sabata yonse ndinkangokhalira kudikira tsikulo.

M'masiku amenewo galimoto inasiya kupuma. Tinkakwera zitunda mwakachetechete, ndipo a Padre anasangalala kwambiri, amvekere pomaliza motolo wakhazikika, tsopano munthu angathe kupemphera korona m'galimoto. Inenso poyamba sindinaone vuto, chifukwa kwathu kuno n'kozizira ndipo pamsewu wosalala mphepo imadzilowera yokha. Koma pa Nkhwazi kasingano kosonyeza kutentha kanayamba kukwera kuposa kale, ndipo tsiku lina titafika pamwamba ndinamva madzi akubwata. Ndinazimitsa motolo n'kutsegula kutsogolo. Mapiko anapitiriza kuzungulira okha motolo utaima, ndipo pa kambale paja panali patamatirira fumbi lakuda la mafuta. Mafuta aja anali atatha kudontha, kambale kanali katafa.

A Padre analembera ku Beira, koma nthawi imeneyo chinthu ukachiitanitsa unkangoyenera kuchiiwala. Ndinapita ku Ulongwe, kulibe. Ndinaoloka pa Kalomwe mpaka ku Dedza kambale kali m'thumba, ndipo wogulitsa zitsulo kumeneko anakatembenuza uku ndi uku n'kundifunsa ngati kachokera pa makina osokera. Nditabwerera ndinachita chimene aliyense wophunzira kwa a Zakeyu akanachita. Ndinaboola kambaleko n'kulowetsa mapalafuzo, aja ena amati mabawuti, kukamanga kuti mapiko azizungulira limodzi ndi motolo nthawi zonse. Kutentha kunatheratu, kasingano kanagona pansi phee. Koma abale inu, phokoso lake! Galimoto inayamba kubangula kuyambira pachipata mpaka kumene ikupita, njuchi za a Padre zinakwiya, ndipo m'kati tinkalankhulana ndi manja. Ine ndinkanyadabe kuti ndapulumutsa motolo.

Lachinayi tinakwera Nkhwazi mosavuta, koma m'mudzi tinapeza muli zii. Moto unali kuyaka m'makhitchini, mitondo ili ndi misi yake m'kati, mbuzi zikudya nyemba zoyanika popanda wozithamangitsa. Ndinathamangira kunyumba kwa apongozi, ndinapeza matewera ako pachingwe, iwe ndi amayi ako kulibe. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. A Irima anakoleka sikelo yawo pamtengo n'kukhala pansi kudikira mpaka dzuwa linapendeka, ndipo tinabwerera tikuuzana kuti mwina tropa yadutsa m'mawa anthu sanabwerebe. Sabata yotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Ine tulo tinandithawa, koma sizinandibwerere m'mutu ngakhale pang'ono kuti anthuwo akuthawa ine.

1972, m'chisanu

Lachiwiri lina masana ndili pansi pa galimoto ndinaona mapazi oyera ndi fumbi ataima pambali. Anali alamu anga a Fabiyano, mchimwene wawo wa amayi anu, atayenda wapansi kuchokera kwa Chiphole chitulukire m'bandakucha. Sanadikire n'komwe kuti ndisambe m'manja.

“Alamu, galimoto yanu mwaitani?”

Ndinayamba kuwafotokozera za kambale, koma anandidula. Anati maulendo onse awiri anthu anamva mkokomo titangooloka mtsinje, ndipo aliyense anati ndi lole ya tropa. Anathawira kudambo n'kugona komweko, poopa kuti asilikali atsala m'nyumba. Mukudziwa chisanu cha kudambo mwezi umenewo, udzu umadzuka utayera. Iwe Marita, wa miyezi yochepa chabe, unagona panja usiku wonse kawiri konse, ndipo tsopano unali kupuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, bere ukulikana. Kukunyamula mtunda wonsewo m'mphepo amayi ako anaopa kuti ufera panjira. Ndinati ndiye tinyamuke pompano, iwo akatsogole akauze anthu kuti ndi ife. Alamu anapukusa mutu.

“Mungawauze, koma phokoso limenelo likamveka miyendo siifunsa. Ndiponso aja a m'phiri atuma mawu. Akuti galimoto yolira choncho ikadzakweranso pa Nkhwazi sadzaifunsa dzina.”

Ndinakhala pansi pa fumbi pomwepo. Mapalafuzo ndikawasiya, anthu athawa nawe kudambo kachitatu, mwinanso ife osafika n'komwe. Ndikawachotsa, chitunda chimene chimafuna mphepo kwambiri ndichikwere popanda mphepo, ndipo motolo ukapsa ndiye kuti dera lonselo latsala lopanda galimoto, amayi ovutika pobereka, olumidwa ndi njoka, onse. Tinapita kwa a Padre. Iwo anamvetsera ali chiimire pakati pa ming'oma yawo, ndipo ananena zoona zokhazokha, kuti galimotoyo si yawo, si yanganso, ndi ya midzi yambiri, ndipo ina sidzabwera nkhondo isanathe. A Irima anali atafika kale ndi bokosi la mankhwala m'manja, akuti mawondo awo sangakwere Nkhwazi, koma ngati palibe wowanyamula akwawa. Anakangana m'Chipwitikizi kwa kanthawi, kenako a Padre anatembenukira kwa ine.

“Lusiyano, motolo umaudziwa ndiwe. Ungathe kukwera osauwotcha?”

Ndinafuna kunena kuti inde mwamphamvu, koma ndinati sindikudziwa. Ananena kuti popeza sindinawanamize, ndisankhe ndekha, ndipo chimene chichitike adzayankha ndi iwo. Kunena zoona ndikanakonda akanandiletsa kapena kundilamula, chifukwa katundu ameneyo anandilemera. Ndinasankha iwe. Midzi ina ija ndinaiganizira ndithu, sindinaiiwale, koma ndinasankha iwe.

Tinanyamuka nthawi yomweyo, alamu ali kumbuyo ndi zigubu za madzi. Mpaka pa mtsinje wa Kachere tinapita ndi mkokomo wathu, poti kumeneko phiri limatchinga mawu. Pamlatho ndinaima, ndinamasula mapalafuzo aja n'kuwaika m'thumba la malaya, ndipo tinayamba kukwera mwakachetechete. Ndinatsegula chotenthetsera m'kati mpaka kumapeto kuti chikokeko kutentha kwa motolo, moti a Irima thukuta linali kamukamu m'kati mwa chisanu. Maso anga sanali pamsewu, anali pa kasingano. Tisanafike n'komwe pakati pa chitunda kanali katayandikira pofiira, ndipo ndinaima pokhota pena pamene pali minda ya nyemba.

Motolo wotentha chonchi suuzimitsa, umausiya uziyenda pang'onopang'ono kuti madzi azizungulira, ndipo suuthira madzi ozizira m'kati chifukwa ungang'ambike. Ndinatsegula kutsogolo, ndinawaza madzi kunja kwa radiyadore, koma kunalibe kamphepo ngakhale pang'ono ndipo kasingano sikankatsika. Ndinavula jekete n'kuyamba kukupiza. Alamu anavula yawo. A Irima anatsika movutikira, anatenga chivundikiro cha bokosi la mankhwala, anaima patsogolo pa galimoto miyendo atatangadza, n'kuyamba kukupiza ndi manja awiri, uku akuukalipira motolo m'Chinyanja chawo chija ngati mwana wokana phala.

Ndinamva kuseka. Kuseri kwa mikukwe ya chimanga kunali amayi amene ankapeta nyemba, ndipo ataona galimoto ikubwera mopanda mawu anabisala kuti aone kaye. Koma sisitere wokupiza galimoto ndi chivundikiro palibe amene akanamuyesa msilikali. Anatuluka mmodzimmodzi malichero ali m'manja, akupukuta misozi ya phwete, akufunsa kuti kodi a Wefuwefu adwala chiyani. Alamu anati akomoka, akufuna mphepo. Basi amayi aja anandandalika patsogolo, malichero m'mwamba, wina n'kuyambitsa nyimbo ya pamtondo kuti manja aziyendera limodzi. Lichero limakoka mphepo kuposa jekete, zimenezo ndikuuzeni. Mankhusu a nyemba anandilowa m'maso ndi m'kamwa, koma nditasuzumira m'kati ndinaona kasingano kakutsika.

Nditabwerera kutsogolo ndinaima pamalo pamene panali mpata, phewa langa likukhudzana ndi la mayi wina amene ankakupiza mwamphamvu kuposa onse. Ndinayang'ana duku n'kulizindikira. Anali apongozi. Sanapatuke, inenso ndinalibe kothawira. Anapitiriza kukupiza maso ali pa radiyadore, ndipo anauza radiyadoreyo kuti mwana akadali moyo, koma bambo ake afulumire. Ine ndinayankha radiyadore yomweyo kuti ndamva, amayi.

Tinakwera chitunda chonsecho motero, kuyenda pang'ono, kuima, kukupiza, amayi akutitsatira pambuyo ndi malichero, ena akuthamangira kudimba kukatunga madzi. Pofika m'mudzi tinali ngati ukwati. Ndikuuzeniretu kuti zimenezi zinasanduka mwambo: kuyambira tsiku limenelo Lachinayi lililonse amayi a kwa Chiphole ankatidikira pokhota paja ndi malichero awo, mpaka kambale katsopano kanafika nkhondo itatsala pang'ono kutha. Aja a m'phiri sanatumenso mawu ena.

Amayi ako ndinawapeza m'nyumba atakufungatira, maso atatupa. Sanandipatse moni. Anangoti, “Bambo a Marita, ndinakuthawani ndi mwana wanu yemwe,” n'kuyamba kulira. Ndinawauza kuti ngakhale ine ndikanamva phokoso limenelo ndikanathawa. A Irima anakuvula, anaika khutu pamsana pako, anati ndi chibayo, n'kukubaya jakisoni. Unalira mofooka kwambiri moti ine ndinatuluka panja. Atatha kuona odwala ena, amene anali ambiri chifukwa cha kugona kudambo kuja, anati iwe ndi amayi ako mutsike nafe kumisawo, poti jakisoniyo ankafunika kubwerezedwa usana ndi usiku.

Potsika motolo suvutika, ndiye tinafika pa Kachere bwinobwino dzuwa litapendeka. Kuchokera pamenepo kupita kumisawo pali zitunda zina zing'onozing'ono, ndipo kulibe midzi ya amayi a malichero. Ndinaima pamlatho, ndinatulutsa mapalafuzo m'thumba, ndinatenga shave n'kutsegula chitseko. Amayi ako anandigwira malaya kuchokera kumbuyo.

“Musamange. Wagona.”

Ndinacheuka. Unali utagona pachifuwa pawo, kukamwa kuli pa bere, mkaka ukutsikira pachibwano, ndipo anati chiyambire Lamlungu unali usanayamwe kapena kutseka maso. Ndinayang'ana a Irima kuti andithandize, poti motolo ndinali nditauika kale pachiswe kamodzi tsiku limenelo. Iwo anangochotsa chivundikiro pa bokosi la mankhwala n'kuchiika pamiyendo pawo, chokonzeka.

Ndinabweza mapalafuzo m'thumba n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti chisalire. Pa chitunda chilichonse tinkaima, ine ndi a Irima n'kutsika kukakupiza osalankhula, ndipo tinalowa pachipata cha misawo nyali zitayatsidwa kale. A Padre anali ataima pomwepo kutidikira. Anabwera mofulumira n'kutsegula pakamwa kuti afunse za motolo, koma a Irima anaika chala pamilomo n'kuwalozera kumbuyo. Munthu wamkulu uja anavula chipewa, anasuzumira pawindo, ndipo tonse tinaima pamenepo m'chisanu kudikira kuti udzuke wekha.